Nditagwa pa njinga ku France, ndiyambire pati?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mchemwali wathu wina amene akukhala ku Leeds, ku Britain. Iye ndi mnzake akufuna kukapalasa njinga m'mbali mwa mtsinje wa Loire ku France, kuchokera ku Orléans mpaka ku Nantes. Wafunsa kuti: "Nditagwa n'kuvulala kumeneko, poti Chifalansa sindidziwa komanso ndalama n'zochepa, ndingatani?"

Achemwali, choyamba imbani 112, nambala yoitanira thandizo pa ngozi. Nambalayi ndi yaulere m'mayiko onse a European Union, ndipo ku France mukhozanso kuimba 15, ya SAMU, madokotala othandiza pa ngozi ndi matenda adzidzidzi. Za ndalama muziganizire pambuyo. Ndikunenetsa chonchi chifukwa ineyo ndinazengereza, ndipo zimandiwawabe mumtima.

Ndinagwa pa njira yomweyo, chakufupi ndi tauni ya Saumur, pamtsetse pomwe panali timiyala. Tayala lakutsogolo linaterereka, ine n'kukagwera paphewa. Helemeti inang'aluka. Ndinakhala pansi pa mtengo pafupifupi ola lathunthu, mkono uli lende, ndikuwerengera mumtima mtengo wa ambulansi. Kenako mayi wina amene ankayenda ndi galu wake anaima, ndipo anazindikira kuti ndikungomufunsa funso lomwelomwelo. Anaimba foni ndi iyeyo. Kuchipatala anapeza kuti fupa lochoka pakhosi kupita paphewa lathyoka, ndipo anandigoneka usiku umodzi kuti aone ngati m'mutu muli bwino.

Za mutuzi musazitenge mopepuka. Kusanza, chizungulire, tulo tosadziwika bwino, kuiwala zomwe zangochitika kumene, zina mwa izi wovulalayo sazizindikira yekha, choncho mnzanuyo mumuuziretu. Ngati khosi likupweteka kapena miyendo yachita dzanzi, asakudzutseni ndipo asakuvuleni helemeti. Woyankha foni adzafuna kudziwa pomwe muli, ndipo njira ya njinga nthawi zambiri imadutsa kutali ndi msewu wa magalimoto. Phunziranitu kupeza manambala a GPS pa foni yanu, ndipo muzisunga dzina la mudzi womwe mwangoudutsa.

Tsopano za m'thumba. Poti mumakhala ku Britain movomerezeka, itanitsani khadi la zachipatala lotchedwa GHIC ku NHS, bungwe la zaumoyo la boma la Britain, musananyamuke. Ndi laulere, ndipo limakuthandizani kulandira chithandizo cha boma pa mtengo womwe eni dziko amalipira. Komatu eni dzikowo amalipirako gawo lina, ndiye inunso mudzalipirako. Ndege yokubwezerani kunyumba muli wovulala, khadili siligwirako ntchito. Apa m'pamene pafunika inshuwalansi. Ngati mukuyendera pasipoti ya Malawi, viza ya Schengen, yomwe mungalowere ku France, imafuna kale inshuwalansi yosachepera mayuro 30,000, koma musangogula yotchipa kuti viza ituluke. Makampani ena amalola kukwera njinga mwa apo ndi apo, osati ulendo wonse wa pa njinga, ndipo ena amakana kulipira ngati munalibe helemeti. Afunseni, akuyankheni molemba.

Mukangopezako bwino, imbirani kampaniyo musanatuluke m'chipatala. Sungani malisiti onse, pepala losonyeza chithandizo chomwe mwalandira ndi mtengo wake, lotchedwa feuille de soins, ngati akupatsani, kalata ya dokotala ndi zithunzi za X-ray, chifukwa a inshuwalansi ndi madokotala a ku Leeds adzazifuna.

Mugwirizanenso za njinga. Ambulansi inanditenga ine ndi chikwama chimodzi chokha. Njinga yanga anaisunga mayi uja m'galaja mwake kwa milungu itatu, mpaka mnzanga wina anakaitenga pa sitima.