Za nsapato za mateyala zija, alamu

Abale, ena mwati ma voice note a anti a ku Area 25 akukana kutseguka, ena bandulo yatha, ndiye ndawamvetsera n'kulemba mmene ayankhulira. Akuyankha alamu awo a ku Kawale, amene anafunsa ngati mwana angavale nsapato za mateyala zomwe bambo ake aang'ono atumiza kuchokera ku Joni, popita kokasewera pa Khirisimasi komanso ku ukwati uja.

Yoyamba

Alamu, mwaswera bwanji kumeneko? Pepani ndachedwa, ndinali kuchigayo, magetsi anachita kubwera masana ndiye mzere wake eee. Zolemba sindingathe, nkhaniyi ndi yaitali, bola ndingoyankhula. Chithunzi chija ndachiona. Nsapato ndi zokongola, achimwene a ku Joni sanaumire ayi, ndipo mwini wakeyo ndamuona mmene wazikumbatira, mano onse panja. Ndiye musaganize kuti ndinena kuti mumulande. Avale. Koma kulikonse kumene kuli anthu ambiri, mateyala akhale m'chikwama chanu. Ndati chanu inuyo, osati m'thumba la kabudula wake.

Itembenuzeni nsapatoyo muone kunsi. Teyala lili pachidendene pokha, kutsogoloku ili ngati nsapato ina iliyonse. Mwana akaponda ndi zala ndiye kuti akuyenda, akadzutsa zala n'kutsamira pachidendene, wanyamuka. Zanuzo ndaona zalembedwa Heelys, zimenezo teyala lake limazuka. Katoni musataye musanafufuze bwino, mumakhala kachitsulo kozulira teyala ndi tizitsekero tiwiri totseka dzenje lotsalalo. Mukatseka basi, yasanduka nsapato wamba, kungoti yolemerako pang'ono. Zovuta ndi zinazi zadzaza masiku anozi, zoyaka magetsi m'mbali, za batani kumbuyo loti ukadina teyala limatuluka kapena kubisala. Zimenezo mwini batani ndi mwana. Mupangana pakhomo kuti lero tingoyenda, avomera bwinobwino, koma mukangotembenuka kuti muone mtengo wa mafuta ophikira, mungomva fyuu.

Ndikunena zoti zinandionekera. Mukukumbuka chaka chija mtsikana wanga wachiwiriyu anavala chikhakha? Nonse ndinangokuuzani kuti wagwa posewera. Lero ndiulule. Ndinamugulira nsapato zoterezi pa kaunjika, zokulirapo, ndinati akula nazo, monga timachitira tonse. Zotsekera panalibe, ndipo sindinkadziwa n'komwe kuti teyala limachoka. Pakhomo pathu pano mukupadziwa, ndi fumbi ndi timiyala, teyala silizungulira, ndiye sabata yonse ankangozivala n'kumanyang'ama nazo ngati waponda phulusa lamoto. Loweruka la kumapeto kwa mwezi ndinapita naye m'sitolo ina yaikulu m'tauni, dzina ndisatchule poti eni ake sanalakwe kanthu. Atangoponda matailosi aja, maso anachita kuwala. Ndinamuletsa kawiri. Kachitatu ndinali pa shelefu ya sopo, ndinangomva khuu, kenako anthu onse, mayo! Pothamangira, ndinapeza agogo ena ali pansi miyendo tambalale, thireyi ya mazira 30 ili mbwee, wanga ali chafufumimba atagwira dzanja, kulira kosatuluka mawu kuja. Iye ankabwera chotsetsereka, agogowo akutulukira pakona ya shelefu. Poimira sanapadziwe.

Chimene chimandiwawa mpaka lero, alamu, agogo aja sanakalipe. Mawu awo oyamba anali oti, "Mwanayo wapweteka?" Chitenje chonse mazira okhaokha, akulephera kudzuka, koma akufunsa za mwana wanga. Bola akanandilalatira. Mazira ndinalipira, ndinawapezera galimoto mpaka kwawo ku Chilinde, ndipo patapita masiku atatu ndinakawazonda, ndinawapeza akuyendera ndodo, akuti chiuno. Munthu wamkulu kugwa kwake sikufanana ndi kwa mwana, mafupa anatopa kale. Akanathyoka ndikanalowera kuti ine? Wangayo kuchipatala atamujambula anapeza kuti fupa la pamwamba pa dzanja lathyoka. Chikhakha masabata asanu, dzanja lamanja, mayeso a teremu yachitatu ali pakhomo. Posamba kumachita kumumanga jumbo kumkono.

Yachiwiri

Pepani inaduka, wina amaimba. Ndimati chiyani paja... eya.

Taganizani bwino za Lilongwe wathuyu. Malo osalala oti kateyala kakang'ono ngati kameneko kazungulire ali kuti mumzinda muno? Kwanu ku Kawale ndi fumbi, mvula ikagwa matope. Msewu wa phula uli ndi maenje, mchenga m'mbali, akabaza a njinga zamoto akuchokera uku ndi uku, ngalande zili yasa. Posalala ndi pa matailosi a ku Gateway Mall, pa Game Complex, pa Crossroads, ku eyapoti ya Kamuzu, m'maholo a maukwati, m'tchalitchi. Ndiye kuti kumene nsapatozi zimakoma ndi komwe kuli chinamtindi cha anthu. Mwana wakhala sabata yonse akulakalaka, lero wafika pamalo poti zikutheka, inu n'kumati usatsetsereke? Ngakhale ine nditakhala wa zaka 8 sindingamve. Komanso Disembala uno anthu amalowa ndi madzi ndi matope kumapazi, pakhomo pa sitolo pamaterera ngakhale kwa ife a masilipasi.

Bambo a kunyumba kuno nditawauza za funso lanu anangoti, aaa, mwana akalirira nyanga ya nsatsi msemere, imufotere yekha. Ndawayankha kuti nyanga ya nsatsi imafotera m'manja mwa mwini wake, sigwetsa agogo a eni. Pagulu pamakhala mayi wobereka khanda kumbuyo, woyembekezera, kamwana kongoyamba kumene kuyenda, woperekera zakudya atanyamula tiyi wamoto. Onsewo samumva akubwera, chifukwa teyala silichita phokoso ngati mapazi a mwana wothamanga, umangozindikira wakufika m'miyendo. Anangokhala chete bambowo, n'kukweza wailesi.

Tsono za kokasewerako. Mwati achimwene anena kuti kunja ana amavala paliponse. Paliponse ayi, asatinamize. Nsapatozi kwawo ndi ku America, anayambitsa ndi mkulu wina dzina lake Roger Adams, amene anaboola chidendene cha nsapato yothamangira n'kuikamo teyala, ndipo zinayamba kugulitsidwa m'chaka cha 2000. Koma ku America komweko, ku Walt Disney World ku Florida ndi ku Disneyland ku California, malo amene ana a dziko lonse amawalota, nsapato zokhala ndi mateyala zili pamndandanda wa zinthu zoletsedwa kulowa nazo, limodzi ndi ma skateboard ndi ma drone. Ndinawerenga ndekha pafoni nthawi ya chikhakha ija, usiku tulo titakana. Anthu amenewo njira zawo ndi zotakasuka, zosesedwa, ogwira ntchito ali ponseponse, achipatala ali momwemo, koma anaona kuti mwana wa pa teyala pakati pa anthu oima pamizere ndi tingolo ta makanda sizingayendere limodzi. Masukulu ndi masitolo ambiri kumeneko analetsanso. Ndiye ife tiziti tili ndi chiyani choposa iwowo?

Komanso kwathu kuno malo ambiri osewerera ana ndi pa kapinga, tinjira take ta miyala ya kwale kapena njerwa zoyala. Pa kapinga teyala siliyenda, pa kwale limakodwa, ndiye ngakhale kukoma kwake sakakumva. Pa jumping castle amavulitsa nsapato. Zatsopano zochokera ku Joni zikakhala pamulu wa nsapato za ana onse aja, inu tsiku lonse mudzasanduka mlonda m'malo modya tchipisi chanu mwamtendere. Koma chimene ndimaopa kwambiri ndi masitepe, kaya a pokwerera kotsetserekera paja, kaya a kuchimbudzi. Mwana akasangalala amaiwala, amaponda ndi chidendene, teyala n'kumutaya chagada. Chagada chimafika pansi ndi nkhongo, ndipo mutu ulibe chikhakha chake.

Yachitatu

Iyi ndi yomaliza, ndikulonjeza, ena ayamba kale kudandaula bandulo.

Usiku womwe uja ndinapezanso kuti madokotala a chipatala china cha ana ku Dublin, m'dziko la Ireland, anawerenga ana amene anabwera atavulala ndi nsapato zoterezi komanso timateyala tomangirira kuchidendene, pa holide ya 2006. M'masabata 10 okha analandira ana 67, chipatala chimodzi. Ambiri anali atsikana, a msinkhu womwewu wa zaka 9 kapena 10, ndipo ambiri chinavulala ndi dzanja ndi mkono, chimodzimodzi wanga, chifukwa munthu ukamagwa umatsogoza manja. Ochuluka ndithu anavulala akuphunzira kumene, ena tsiku loyamba lenileni, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anavala zodzitetezera. Ndikuwerenga choncho ndinkangoti, uyu ndi ine, uyu ndi ine.

Ndiye masiku oyambirirawa ndi amene mukufunika kukhalapo inuyo, osati kumusiyira achimwene ake kuti azikankhana. Pezani khonde lalitali la simenti, musese kaye. Ndikunenetsa, musese. Kamwala kochepa ngati njere ya chimanga kakakodwa pa teyala, limaima nji, mwana n'kupitirira yekha. Khonde lopaka polishi ayi, lonyowa ayi, potsetsereka poloza kumsewu ndiye ayi kawiri. Zingwe amange zolimba, ndipo ngati nsapatozo zamukulira musati avalire masokosi awiri, zimudikire, ine ndinalakwitsa pomwepo. Miyendo asaiike pamodzi ngati ali pa asembule, akatero agwa chagada pompo. Wina ukhale patsogolo, wina pambuyo, mzere umodzi, mawondo atapinda pang'ono, inu mutamugwira dzanja n'kumayenda naye. Ndipo asanadziwe liwiro adziwe kuima. Njira ndi ziwiri: kutsitsa zala pansi n'kumalizitsa ndi timasitepe tothamanga, kapena kudzutsa zala kwambiri kuti mphira wa kumbuyo kwa teyala ukhule pansi. Achite zimenezo mpaka zimutope. Wanga uja ankadziwa kunyamuka kokha.

Helemeti ya njinga avale. Zomanga m'manja, m'zigongono ndi m'mawondo, muwauze achimwene atumize pa basi yotsatira, poti ayambitsa ndi iwo. Achimwene, ndikudziwa mukumvera, mphatso yanuyi ili ndi ana ake. Ngati ndalama yavuta, yambani ndi za m'manjazo.

Chinanso, teyala lili momwemo zisakhale nsapato za tsiku lonse. Amayenda monyang'ama, madzulo adzakuuzani kuti akatumba akuwawa. Kusukulu zizipita zotseka. Mu minibasi, kudepoti, mumsika wa Lizulu, musayerekeze n'komwe, kumeneko ngakhale wa miyendo yabwinobwino amayenda chopepesa.

Ku ukwati ndiye musadzandichititse manyazi, alamu. Holo ija ndi ya matailosi. Nthawi ya perekaniperekani anthu amavina chobwerera m'mbuyo maso ali pa ndalama, mawaya a zokuzira mawu ali pansi, keke ili pa katebulo ka miyendo yowonda, ndipo amayi adzakhala kutsogolo komweko ndi bondo lawo lija. Tsiku limenelo mateyala atsale ku Kawale, ngakhale m'chikwama asabwere, chifukwa akadzayamba kulira pamaso pa anthu mudzafewa, ndimakudziwani.

Akafunsa chifukwa chake musamunamize kuti apolisi amagwira, mawa adzaona mnzake akutsetsereka osagwidwa ndiye sadzakukhulupiriraninso. Muuzeni za agogo a mazira aja. Kapena mumupatse foni ayankhule ndi msuweni wakeyu, amuuze yekha mmene m'chikhakha mumayabwira usiku, mpaka ankafuna kulowetsamo singano yolukira.

Loweruka likubwerali bwerani naye kuno. Kuholo ya kutchalitchi kwathu kuli khonde lalitali, masana kumakhala zii, ndikapempha kwa akuluampingo mawa. Tsache ndinyamula ine. Mubwere ndi katoni yonse kuti tione ngati kachitsulo kaja kalimo. Kakasowa musadandaule, zathu zija ndinazula ndi sikuludiraiva ya bambo a kunyumba kuno titangochoka kuchipatala, ikadalipo.