Yankho kwa alamu pa nkhani ya maburashi ophodera

Alamu, uthenga wanu ndaumva, ndipo chithunzi cha maburashi amene mwagula pokonzekera chinkhoswe cha ku Santhe ndachiona. Mwafunsa kuti burashi iliyonse ntchito yake ndi yotani, komanso chifukwa chimene paudala akumakhalira mawangamawanga pankhope panu. Ndiyankhira pagulu pomwe pano kuti atsikana athu enawa amve nawo.

Musanayang'ane kukula kwa burashi, yambani mwakhudza ubweya wake ndi chala. Burashi ya ubweya wothithikana ndi wolimbirako ndi ya zodzola zamadzimadzi, monga faundeshoni (yosalazira mtundu wa khungu la nkhope yonse) ndi concealer (yobisira zipsera), pomwe ya ubweya wofewa ndi wotakasuka ndi ya zodzola za ufa. Ubweya wa nayiloni ndi woterera ndipo sumwa mafuta ambiri, n'chifukwa chake umayenerana ndi zamadzimadzi, koma wachilengedwe, umene kawirikawiri umakhala wa mbuzi, umatola ufa bwino. Anuwo akuoneka kuti onse ndi a nayiloni, ndipo zimenezo zisakudetseni nkhawa, chifukwa nayiloni wofewa amagwira ntchito zonse ziwiri, malinga burashi imene yakhudza faundeshoni isakalowenso mu paudala.

Pa faundeshoni ndi pamene ndikufuna mumvetsetse, chifukwa vuto lanu likuyambira pamenepo. Tengani burashi yaphanthiphanthi ija, kapena yaifupi yamutu wothithikana, ndipo faundeshoniyo muidontheze pang'ono kuseri kwa dzanja lanu, osati paburashi. Muziitapa pang'onopang'ono, kuyambira pakati pa nkhope, m'mbali mwa mphuno, n'kumapita cha kumakutu ndi kunsi kwa chibwano mpaka isungunukire m'khosi, kuti pasaoneke malire. Burashi yaphanthiphanthi imasiya timizere mukamaikoka ngati mukupenta khoma, choncho mukamaliza kuyala muzidinda mopepuka ndi nsonga yake. Siponji imene ili mupaketimo imathandiza kufafaniza timizereto, koma muyambe mwainyowetsa ndi kuifinya mpaka madzi asiye kudontha, popeza youma imamwa faundeshoni yambiri.

Mawanga amene mukudandaula nawowo amabwera pamene paudala wagwera pankhope yonyowa. Ambirife timadzola mafuta olemera, ena glycerine, kenako nthawi yomweyo faundeshoni, ndiye ufa ukafika umamatirira pamalo amene burashi yayamba kukhudza ndipo sufalikiranso. Dzolani mafuta ochepa, dikirani mphindi zingapo kuti alowe, ndipo mudikirenso pang'ono mukatha faundeshoni. Mukatero tengani burashi yaikulu koposa zonse, yofewa ija, muiviike mu paudala, muigogode pamphepete pa chivindikiro kuti ufa wochuluka ugwe. Musamaiuzire ndi pakamwa, chifukwa mumathiramo malovu. Yambani pachipumi, pamphuno ndi pachibwano, malo amene amanyezimira msanga kukatentha, ndipo kwinako mungopititsa zotsalira paburashi. Ine ndimalimbikira kwambiri pa kuchepetsa paudala, chifukwa pakhungu lathu lakuda akachuluka nkhope imatuwa, makamaka pazithunzi zojambulidwa ndi flash, ndipo zithunzi za chinkhoswe zimasungidwa zaka zambiri.

Burashi yocheperako yamutu wopendekeka ndi ya blush, ufa wopatsa masaya mtundu, ndipo mumangoiyendetsa pamwamba pa tsaya kulowera cha kukhutu.

Timaburashi ting'onoting'ono tambirimbirito ndi ta m'maso, koma pa tsikulo mufunika titatu tokha. Kaphanthiphanthi kolimba ndi koikira mtundu pachikope, ndipo mumachita kudinda, osakhula, kuti ufa usagwere pamasaya. Kofewa kosongoka pang'ono ndi kosakanizira, ndipo kameneka ndi kamene anthu ambiri amakasiya m'paketi, chonsecho ndiko kamachititsa kuti diso lioneke lokonzedwa ndi munthu wodziwa. Mukayendetse mopita uku ndi uku pamkwinya wa chikope, kopanda kutapanso mtundu wina, kufikira m'mphepete mwa mtunduwo mutazimiririka. Mukagwire kumapeto kwa chogwirira, chifukwa dzanja likakhala pafupi ndi ubweya limadinikiza kwambiri. Kachitatu ndi kopyapyala kodulidwa mopendekeka, kolembera nsidze, ndipo muzilemba timizere tifupitifupi motsata kumene tsitsi lagonera, kenako mupese ndi kaburashi kozungulira kofanana ndi ka mascara. Ka milomo n'kosavuta: yambani m'mphepete, mudzaze pakati.

Tsopano za ukhondo, zimene ndikupempha kuti musazipeputse. Madokotala a khungu amalangiza kutsuka maburashi pakatha masiku 7 mpaka 10, ndipo ndi fumbi la kuno ku Kasungu nyengo yotentha ino, ndi bwino kuwasunga m'kachikwama kotseka. Tsukani ubweya wokha ndi madzi ofunda pang'ono ndi shampu wofatsa, monga wa ana, nsonga italoza pansi, kuti madzi asalowe m'kachitsulo kamene kamagwira ubweya, chifukwa guluu wa m'katimo akanyowa ubweya umayamba kuthothoka. Mukatsukuluza, finyani ndi kansalu koyera, muwagoneke patebulo ubweya utatulukira kunja kwa mphepete, ndipo muwasiye aume okha pamthunzi usiku wonse. Burashi yosatsuka imabweretsa ziphuphu.

Ndikudziwa kuti m'mawa wa chinkhoswe atsikana onse adzadzaza m'chipinda chimodzi ndipo aliyense adzafuna kubwereka. Burashi ya m'maso ndi ya milomo musabwereketse, ngakhale kwa m'bale wanu weniweni, chifukwa mukukumbukira mmene matenda a maso ofiira aja anafalikira m'dziko muno mu 2024, ndipo kaburashi kamodzi kakhoza kupatsira gulu lonse. Amene alibe ake agwiritse ntchito timitengo ta thonje tija, aliyense kake, n'kutaya.

Popeza maburashiwo ndi atsopano, atsukeni lero asanakhudze nkhope. Akauma mawa muyesere nkhope yonse masana, mutakhala pafupi ndi zenera, ndipo munditumizire chithunzi kuti ndione ngati mtundu wa faundeshoniyo ukugwirizana ndi khosi lanu nthawi yosintha ikadalipo.