Bwalo lakwanu limathandizadi pa masewera a Gaelic

Achimwene, mwafunsa ngati timu ya mpira wa Gaelic kapena ya hurling (masewera a ku Ireland: woyambayo amasewera ndi manja ndi miyendo, winayo amamenya kampira ndi ndodo) imapindula ikamasewera pabwalo lakwawo. Inde, imapindula, ndipo sikuti chifukwa cha phokoso la ochemerera lokha ayi.

Mabwalo a masewerawa ku Ireland safanana kukula. Malamulo amalola kutalika kwa mamita 130 mpaka 145, choncho timu yozolowera kuthamanga pabwalo lotakasuka ngati Croke Park, bwalo lalikulu la mumzinda wa Dublin, imasowa pothawira ikafika pabwalo lopanikiza. Mphepo nayonso si yocheza. Ku Salthill, ku Galway, mphepo yochokera kunyanja imakhotetsa mpira, ndipo eni bwalo ndi amene amaidziwa bwino.

Taonani zimene zinachitika mu 2018. Mu mpira wa Gaelic, timu ya Kildare inayenera kulandira ya Mayo pabwalo la St Conleth's Park ku Newbridge, koma bungwe la GAA, loyendetsa masewerawa, linafuna kusamutsira masewerawo ku Croke Park ponena kuti bwalo la ku Newbridge ndi laling'ono. Kildare, motsogozedwa ndi mphunzitsi Cian O'Neill, inakanitsitsa. GAA inagonja, ndipo Kildare inapambana 0-21 kwa 0-19, kugonjetsa timu yomwe inafika mufainolo ya All-Ireland, mpikisano waukulu wa Ireland yense, chaka chapitacho.

Chimene chimandiwawa ine ndi nkhani ya Dublin. Mu Super 8s (ndime ya matimu asanu ndi atatu otsala mu All-Ireland) chaka chomwecho, timu iliyonse inayenera kusewera kamodzi kwawo, kamodzi koyenda, ndi kamodzi ku Croke Park. Dublin inasewera kawiri pa Croke Park, pamaso pa anthu ake a ku Hill 16, mbali ya bwalolo yomwe ochemerera Dublin amaimirira, ndipo Donegal inadandaula mwachilungamo. Zikho zisanu ndi chimodzi zotsatizana za All-Ireland za 2015 mpaka 2020 Dublin inazipeza ndi osewera aluso kwambiri, izi sinditsutsa, koma anzawo ankachita kuyenda ulendo wautali kukakumana nayo pakhomo pake.