Mafunso a owerenga: Curry kapena LeBron, wamkulu anali ndani mu NBA ya 2015-16?

Akonzi, kuno ku Matawale mkangano sukutha. Madzulo tikamaliza kusewera basketball timakhala m'mbali mwa bwalo, ena n'kumati wosewera wabwino koposa mu NBA, ligi ya basketball ya ku America, sizoni ya 2015-16 anali Stephen Curry, ena akuti LeBron James poti ndiye ananyamula chikho. Inuyo asanu oyamba mungawasanje bwanji?
*Wowerenga wa ku Matawale, Zomba*

Achimwene, musanasanje muyambe mwagwirizana kuti mukuwerengera magemu ati. Sizoni ya NBA ili ndi zigawo ziwiri. Choyamba ndi ligi, m'mene timu iliyonse mwa matimu 30 imasewera magemu 82 kuyambira kumapeto kwa Okutobala mpaka pakati pa Epulo. Chachiwiri ndi ma playoffs, m'mene matimu awiri amalimbana mpaka imodzi itapambana kanayi. Mavoti a MVP, mphoto ya wosewera wopambana onse, amaponyedwa ma playoffs asanayambe, ndiye amene akuti Curry akunena za ligi, amene akuti LeBron akunena za fainolo ya mu Juni. Ife tiphatikiza zonse ziwiri.

Pamwamba tikuyika Curry wa Golden State Warriors. Anasewera magemu 79 ndi avereji ya mapointi 30.1, kuposa wina aliyense mu ligi. Analowetsa mipira ya mapointi atatu 402, pamene rekodi yomwe anaiphwanya inali yake yomwe, ya 286, ya sizoni ya 2014-15. Pa mipira yonse imene anaponya inalowa 50.4 peresenti, ya atatu 45.4, ma free throw (mipira yoponya popanda wotchinga munthu akachitiridwa faulo) 90.8. Taonani tanthauzo la 45.4 imeneyo. Mukachulukitsa 0.454 ndi 3 mupeza mapointi 1.36 pa kuponya kulikonse, ndipo kuti munthu woponyera pansi pa ringi afike pamenepo ayenera kulowetsa mipira 68 pa 100 iliyonse. Curry ankapeza phindu limenelo ataima mamita 7 kapena 8 kutali, kawirikawiri akuchita kudzipezera yekha mpata. Anatsogolanso ligi pa kulanda mipira, 2.1 pa gemu. Timu yake inayamba ndi kupambana magemu 24 motsatizana n'kumaliza ndi 73-9, kudutsa 72-10 ya Chicago Bulls ya 1995-96. Mavoti onse 131 a malo oyamba a MVP anapita kwa iye, zomwe zinali zisanachitikepo.

LeBron wa Cleveland Cavaliers ndi wachiwiri, ndipo kusiyana kwake n'kochepa zedi. Mu ligi anali ndi mapointi 25.3, ma rebound (kutola mpira wosalowa) 7.4 ndi ma assist (pasi yomwetsera) 6.8 pa gemu, koma mipira yake ya atatu inkalowa 30.9 peresenti yokha, ndipo pa mavoti a MVP anakhala wachitatu. Zimene zimamukweza zinachitika mu fainolo yolimbana ndi Warriors. Cleveland inali kumbuyo 3-1, ndipo palibe timu imene inali itachokerapo kumbuyo chotero mu fainolo ya NBA. LeBron anamwetsa 41 mu gemu yachisanu, 41 wina mu yachisanu ndi chimodzi, ndipo mu gemu yomaliza ku Oakland, kwawo kwa Warriors pa nthawiyo, anapeza mapointi 27, ma rebound 11 ndi ma assist 11. Amene munadzuka cha m'ma 2 koloko usiku wa pa 20 Juni kudzaonera mukukumbukira: zigoli zili 89-89, Andre Iguodala wa Warriors akukweza mpira ku ringi, LeBron n'kutulukira kumbuyo kwake n'kuupanikizira pa bolodi. Kenako Kyrie Irving wa Cleveland analowetsa wa atatu kutatsala masekondi 53, gemu n'kutha 93-89. M'magemu asanu ndi awiriwo LeBron anaposa osewera onse a matimu awiriwa pa mapointi, ma rebound, ma assist, kulanda mipira ndi kutchinga mipira yoponyedwa.

Nanga bwanji sitikumuyika pamwamba? Chifukwa tikuyeza miyezi isanu ndi itatu, ndipo pa miyezi isanu ndi umodzi ya ligi Curry anachita zinthu zimene munthu wina anali asanachitepo. Mu ma playoffs anavulala kakolo kenako bondo pomwe ankasewera ndi Houston, ndipo anaphonya magemu asanu ndi limodzi. Atabwerera anamwetsa 40 ku Portland, 17 mwa amenewo mu nthawi yowonjezera. Komabe tisamubisire: mu gemu yomaliza ya fainolo analowetsa mipira 6 yokha mwa 19. Anzanu amene akuyika LeBron patsogolo chifukwa cha zimenezi ali ndi mfundo yomveka, bola avomereze kuti akupatsa magemu atatu kulemera kuposa magemu 79.

Wachitatu ndi Kawhi Leonard wa San Antonio Spurs. Mapointi ake anali 21.2 okha, koma ndiye ankapatsidwa ntchito yogwira wosewera woopsa wa timu ina gemu iliyonse, ndipo anasankhidwa kukhala wotchinga wabwino koposa kachiwiri motsatizana. Mipira yake ya atatu inkalowa 44.3 peresenti. Spurs inamaliza 67-15 ndipo pakwawo inagonja kamodzi kokha pa magemu 41.

Malo achinayi ndi achisanu tikupereka kwa anyamata awiri a Oklahoma City Thunder, Kevin Durant patsogolo, Russell Westbrook pambuyo. Mavoti a MVP anawasanja mosemphana ndi ife. Westbrook anali ndi mapointi 23.5, ma assist 10.4 ndi ma triple-double 18 (magemu amene anafika 10 pa zinthu zitatu: mapointi, ma rebound ndi ma assist), koma ankaponya mipira yambiri ya atatu imene sinkalowa, yosafika ndi 30 peresenti yomwe. Durant ankamwetsa 28.2 mosawononga mipira yotere. Mu ma playoffs awiriwa anatulutsa Spurs, n'kutsogola Warriors 3-1, mpaka Klay Thompson wa Warriors anawawonongera ndi mipira ya atatu 11 mu gemu yachisanu ndi chimodzi. Mukafuna wachisanu ndi chimodzi, ndi Draymond Green wa Warriors: mapointi 14.0, ma rebound 9.5, ma assist 7.4, ndipo gemu yachisanu ya fainolo imene analetsedwa kusewera ndi imene Warriors inayambira kugwa.

Ndamva kuti James Harden ndiye anamwetsa mapointi ambiri chaka chimenecho. Ngati zili zoona, n'chifukwa chiyani satchulidwa n'komwe? Kodi sikukondera kumeneku?
*Mayi wa ku Chinamwali*

Mayi, mwamva zoona, ndipo funso lanu ndi limene limaphunzitsa bwino kawerengedwe ka masewerawa. Harden wa Houston Rockets anamwetsa mapointi 2,376 sizoni yonse. Curry anamwetsa 2,375. Kusiyana ndi pointi imodzi. Koma Harden anasewera magemu onse 82 ndi mphindi 3,125, pamene Curry anasewera mphindi 2,700, chifukwa kawirikawiri Warriors inkakhala itatsogola kutali moti kota yomaliza ankaionera pa benchi. Mphindi 425 zimenezo n'pafupifupi magemu athunthu asanu ndi anayi.

Tsopano tiwerengere mipata imene aliyense anadya kuti apeze mapointiwo. Pali njira yotchedwa true shooting, ndipo mutha kuichita pa foni. Tengani ma free throw amene wosewera anaponya muchulukitse ndi 0.44. Chimene mwapezacho muphatikize ndi mipira yonse imene anaponya mkati mwa gemu, yolowa ndi yosalowa. Chulukitsani ndi 2. Mapointi ake muwagawe ndi nambala imeneyo. Nambala ya 0.44 ilipo chifukwa ma free throw awiri nthawi zambiri amadya mpata umodzi wa timu, ndipo ena, monga amene amaperekedwa munthu akachitiridwa faulo mpira utalowa kale, sadya mpata wina uliwonse.

Curry anaponya mipira 1,598 ndi ma free throw 400. Ndiye 400 kuchulukitsa ndi 0.44 ndi 176, kuphatikiza 1,598 ndi 1,774, kuchulukitsa ndi 2 ndi 3,548. Mukagawa 2,375 ndi 3,548 mupeza 66.9 peresenti. Harden anaponya 1,617 ndi ma free throw 837, ndipo masamu omwewo akupereka 59.8. Nambala ya Hardenyo si yoipa ayi, ili pamwamba pa osewera ambiri. Vuto lake linali kwina. Anataya mpira maulendo 374, imene inali rekodi ya NBA pa nthawiyo, ndipo mpira uliwonse wotayidwa ndi mpata umene timu sinaponye n'komwe, nthawi zambiri n'kupatsanso adani mwayi wothamangira ku ringi popanda wowatchinga. Pa kutchinga nayenso ankadandaulitsa, timu ina ikakhala ndi mpira iye ankangoyang'ana mpirawo munthu wake n'kumudutsa kumbuyo. Houston inamaliza 41-41. Ovota sanamuyike m'gulu lililonse mwa magulu atatu a All-NBA, a osewera 15 abwino koposa a sizoni. Ife tikuona kuti pamenepo anamulanga mopitirira, ankayenera kulowa m'gulu lachitatu, koma pa asanu oyamba sakanafika.

Kobe Bryant anamwetsa 60 pa gemu yake yotsanzikira. Zimenezo sizimulowetsa pa khumi oyamba?
*Wowerenga wa ku Mpondabwino*

Ayi bambo. Usiku wa pa 13 Epulo 2016, akusewera ndi Utah Jazz, unali wokoma ndipo tonse tinaukonda. Koma mapointi 60 aja anachokera pa mipira 50 imene anaponya, yolowa 22, anzake akuchita kumufunafuna kuti atsanzike bwino. Sizoni yonse avereji yake inali 17.6, mipira yake inkalowa 35.8 peresenti, ndipo Los Angeles Lakers inapambana magemu 17 okha. Ulemu wake uli pa zaka 20 zimene anasewera ndi zikho zisanu, osati pa sizoni imeneyi.

Kodi panalibe wa ku Africa kuno amene anawala?
*Wophunzira wa ku Chancellor College*

Pa khumi oyamba panalibe, koma m'ma playoffs analipo ooneka. Bismack Biyombo wa ku Democratic Republic of Congo, akusewerera Toronto Raptors, anatola ma rebound 26 mu gemu yachitatu yolimbana ndi Cleveland. Serge Ibaka wobadwira ku Brazzaville ankatchinga ringi ya Thunder, ndipo Festus Ezeli wa ku Nigeria anasewera fainolo ndi Warriors.

Ndimaphunzitsa timu ya atsikana pa sekondale ina kuno ku Zomba. Pakutha pa chaka timapereka mphoto kwa wosewera wabwino, ndipo nthawi zonse imapita kwa womwetsa mapointi ambiri, ena n'kumakhumudwa. Ndingasanje bwanji mwachilungamo popanda makompyuta a ku America?
*Mphunzitsi wa ku Sadzi*

Aphunzitsi, kope limodzi la masamu ndi ana awiri odalirika n'zokwanira. Pepala la referii limangosunga mapointi ndi mafaulo, ndiye n'chifukwa chake mphoto imangopita kumodzi.

Pa gemu iliyonse lembani mayina kumanzere kwa tsamba, ndipo mujambule mizere ya zinthu izi: mipira ya awiri, ya atatu, ma free throw, ma rebound, ma assist, kulanda, kutchinga mpira woponyedwa, kutaya mpira, ndi mphindi zimene wasewera. Mwana woyamba azilemba za kuponya zokha. Mpira uliwonse woponyedwa aziika kamzere, ukalowa azikazunguliza. Wachiwiri azilemba zina zonsezo. Mukapatsa munthu mmodzi ntchito yonse, amayamba kusiya mipira yosalowa chifukwa maso ake amathamangira kumene mpira wagwera, ndipo mudzapeza kuti timu yonse ikuoneka ngati imalowetsa 70 peresenti. Zikhala bwino olembawo akakhala pamalo okwera chapakati pa bwalo, osati pakati pa ochemerera.

Gemu isanayambe gwirizanani matanthauzo. Assist ndi pasi imene wolandira wamwetsera nthawi yomweyo. Ngati wayamba wanjanja, kudutsa anthu awiri, kenako n'kuponya, imeneyo si assist. Pasi ikatayika, amene walakwa ndiye alembedwe: ngati inali yabwino koma wolandira waipulumutsa m'manja, kutayako n'kwa wolandira. Wosewera akachitiridwa faulo akuponya mpira, mpirawo osalowa, musaulembe ngati woponyedwa, mulembe ma free throw okha. Pa hafu ndi pamapeto, phatikizani mapointi a m'kope mwanu muyerekeze ndi a pa tebulo la referii. Akasiyana konzani pomwepo ana akadakumbukira.

Pakutha pa chaka, kwa wosewera aliyense phatikizani mapointi, ma rebound, ma assist, kulanda ndi kutchinga, kenako muchotsepo mipira yosalowa, ma free throw osalowa ndi mipira yotayidwa. Mwachitsanzo, mtsikana wa mapointi 18 amene waphonya mipira 14, wataya 5, watola ma rebound 2, atsala ndi 1. Mnzake wa mapointi 8, ma rebound 9, kulanda 3, wophonya 4 ndi kutaya 1, atsala ndi 15. Zonse za chaka muzigawe ndi mphindi zimene wasewera n'kuchulukitsa ndi 40, poti gemu yathu ya malamulo a FIBA ndi makota anayi a mphindi 10. Manambala amenewa musawayerekeze ndi a NBA, kumene kota ndi mphindi 12 ndipo mzere wa atatu uli pa mamita 7.24 pamene wathu uli pa 6.75. Ikaninso malire, monga akuti wopikisana akhale atasewera magawo awiri mwa atatu a magemu onse, kuopa kuti mwana amene anawala pa magemu awiri okha angatenge mphoto.

Njira imeneyi ili ndi chilema chimodzi chachikulu: siona bwino wotchinga. Mtsikana amene wamatirira wosewera woopsa wa adani mpaka osalandira mpira sakhala ndi cholemba m'kope, pamene wina amene amasiya munthu wake kuthamangira kukalanda amaoneka ngati katswiri ngakhale kuti kumbuyo kwake kumalowa mapointi. Choncho onjezerani mzere umodzi wa inu nokha. Gemu iliyonse lembani dzina la amene anagwira womwetsa wamkulu wa timu inayo, ndi mapointi amene womwetsayo anapeza. Ngati atsikana awiri atafanana pa masamu aja, mzere umenewu ndi umene uwasiyanitse.