Nyanda sayanika kunsi kwa mphasa

Iwe mdzukulu wanga wa ku Jali, ukufunsa ngati n'kulakwa kujomba kusukulu masiku amene uli kumwezi, poti ndalama ya mapadi kwanu kulibe. Ine ndimayembekezera kuti ufunsa kuti azakhali ako ali kuti. Masiku 4 pamwezi, pakutha pa miyezi itatu akwana 12, ndipo mayeso a Sitandade 8 sadikira munthu.

Kale mtsikana akatha msinkhu, nkhani inkafika kwa azakhali kapena agogo tsiku lomwelo. Ankamulowetsa m'nyumba, anankungwi n'kubwera, ndiye ndakula ameneyo. Anthu amangokumbuka nyimbo ndi mwambo wa mchere, koma phunziro loyamba linali nyanda: kang'ambidwe, kapindidwe, kamangidwe pa chingwe cha m'chiuno. Namwali ankavala n'kuvula pamaso pa akuluakulu mpaka adziwe, kenaka amuyendetse, amukhazike pansi, aone ngati yasuntha. Lero azakhali ali ku Blantyre, mayi ako akuchita nawe manyazi, inu mukulangizana nokhanokha pa foni.

Tenga chitenje chakale cha thonje, chomwe chafewa ndi kuchapa. Zoterera zija zanayiloni sizimwa, magazi amangodutsa m'mbali. Ng'amba zidutswa zosachepera 6, chilichonse masentimita 30 mbali zonse, upinde katatu, masiku ochuluka uphatikize ziwiri. Kabudula wam'kati akhale wothina bwino. Wotha lasitiki ndi amene amagwetsa nyanda pa bwalo la mpira. Ngati kulibe, chingwe cha m'chiuno chikadagwirabe ntchito yake. Popita kusukulu nyamula ziwiri zouma ndi kajumbo koikamo yomwe wavula. Usinthe pakatha maola 4, usapitirire 6, ngakhale ikuoneka ngati sinadzaze.

Pochapa m'pomwe ambiri amalakwa. Yamba ndi madzi ozizira, uviike kaye, chifukwa otentha amaumitsa magazi pa nsalu ndipo banga silichokanso. Kenaka sopo, utsukuluze mpaka thovu lithe, poti sopo wotsalira amayabwa. Ndiye uyanike pa dzuwa. Mumabisa kunsi kwa mphasa kapena kudenga kuti alongo anu asaone, nyanda n'kuchita nkhungu, mawa mwavala yachinyezi, kenaka zilonda m'mphechepeche ndi fungo. Chinsinsi chomwe anankungwi ankanena chinali choyanika kuseri kwa bafa, pamwamba n'kuphimba ndi kansalu kopyapyala, dzuwa n'kumalowabe. Nthawi ya dzinja, kapena chiperoni chikakuta phiri la Zomba mu June ndi July, nsalu siuma tsiku limodzi. Pamenepo sita ndi simbi ya makala, ndipo n'chifukwa chake ndati zikhale 6.

M'mimba mukamapota, thira madzi ofunda m'botolo, ukulunge ndi nsalu, uike pa chinena. Panado amathandiza, Brufen umwe utadya. Lemba kumapeto kwa kope tsiku limene wayamba. Ambiri amabwereza pakati pa masiku 21 ndi 35, ngakhale zaka zoyambirira msambo umadumphadumpha, usaope. Koma ukapitirira masiku 7, kapena nyanda ikumadzaza pa ola limodzi, kapena ukuchita chizungulire, pita kuchipatala ndi munthu wamkulu. Bonongwe, nyemba ndi matemba a ku Chilwa usamazinyoze, zimabwezeretsa magazi.

Mapadi a m'sitolo sindikuwada, ukawapeza vala, koma osataya pa mtunda. Chimene ndikukaniza ndi ndalama ya mapadi yochokera kwa mwamuna wa kabaza kapena wa pa msika. Ameneyo adzaifuna m'njira ina.

Kusukulu kwanuko kuli amayi a Mother Group, gulu lothandiza atsikana kuti asasiye sukulu. Ena mwa iwo amasoka mapadi ochapa. Upite ndi mayi ako aang'ono, mukawauzenso ngati chimbudzi cha atsikana chilibe chitseko ndi ndowa ya madzi, iwo ndi amene akakambe ndi ahedi.