Inenso ndinayamba ndi mbama, kufunsa kunabwera pambuyo

Achemwali, ndangowerenga zoti kamnyamata kanu kakumadwala m'mimba m'mawa uliwonse wa sukulu koma Loweruka kakudzuka kali bwinobwino, mtima wanga wapweteka. Ndasiya ndiwo pamoto kuti ndikuyankheni. Awa akukuuzani m'munsimu kuti ndi ulesi, kakwapuleni kazipita, asakusokonezeni. Ine ndinakwapula, ndipo mpaka lero ndikakumbukira tulo timandithawa.

Wanga anali Grade 2 nthawi imeneyo, pasukulu ina kuno ku Mufakose, mu Harare, ku Zimbabwe. Dzina la sukulu ndalisunga, ana a anzathu a m'gulu muno akadali komweko. Mukudziwa mmene zimakhalira ndi hot seating, ena kulowa m'mawa ena masana, chipinda chimodzi makalasi awiri. M'kalasi mwawo anali ana oposa 50, atatu pa desiki imodzi. Aphunzitsi akatuluka, ndipo ankatuluka pafupipafupi, ankasiyira monita choko kuti azilemba pabolodi maina a olongolola. Monita wake mwana wa zaka 8! Ukamugawira maputi kapena freezit dzina lako silioneka. Wanga ndinkangomuikira buledi ndi madzi m'botolo, analibe chogulira chilungamo.

Chinanso, mwana ameneyu waleredwa kwambiri ndi agogo ake, mayi anga, amene anachoka ku Dedza ali mtsikana koma lilime lawo silinasinthe mpaka lero. Ndiye Chishona chake chinali chosakaniza. Akati "madzi" m'malo mwa "mvura" kalasi lonse lili gwede kuseka, n'kumamuitana maina onyozera anthu ochokera ku Malawi, "Achimwene! Mubhurandaya!" Iye kupsa mtima n'kubweza mawu, monita n'kulemba. Aphunzitsi pobwera sankafunsa kuti chayambitsa n'chiyani. Ankangowerenga maina pabolodi, aliyense rula m'manja, wolembedwa kawiri kugwada kutsogolo manja ali m'mwamba. Zonsezi ndinazidziwa mochedwa. Chimene ndinkaona ine ndi mwana amene wayamba kukodza pogona, kubisa mabuku, ndi kulira m'mimba Lolemba lililonse.

Tsiku limene sindidzaliiwala linali mu October, dzuwa lija loti ngakhale phula limafewa. Ndinali nditangofika kuchokera ku Mbare kooda tomato, mutu ukuwawa, ndalama zitaperewera. Ndikuona mwana akulowa pageti yekha, anzake onse anadutsa kalekale, atamanga juzi m'chiuno. Juzi, mu October! Ndinamufunsa kuti wachedwa kuti, zii. Wamangiranji juzi, zii. Analowa m'nyumba moyenda chammbali ngati nkhanu, n'kutuluka atavala kabudula wina. Madzulo ndikukatunga madzi ndinapeza kabudula wa yunifomu atamukanikiza kuseri kwa mgolo, wonyowa, fungo la mkodzo lili guu. Achemwali, sindinafunse. Ndinamukoka dzanja n'kumuwaza mbama ziwiri, ndikukalipa kuti mwana wamkulu ngati iwe ukundichititsa manyazi, sopo ndimugula ndi chiyani. Iye sanalire mokweza. Anangogwira tsaya n'kumandiyang'ana.

Anali agogo ake amene anamutengera kuchipinda, n'kumufunsa mwa Chichewa chawo chofatsa chija, "Tandiuza bambo wanga, chachitika n'chiyani?" Ine ndili pakhomo kumvetsera. Akuti anamugwaditsa kuyambira atangobwera ku break. Anapempha kupita kuchimbudzi, anamukaniza. Anapemphanso kachiwiri, aphunzitsi n'kunena kuti olongolola alibe chimbudzi. Anapirira mpaka zinakanika, mkodzo n'kuyenderera pasimenti mpaka kufika pa desiki yoyamba, ana onse akuona. Ndiye mphunzitsi uja, mayi wamkulu woti nayenso ali ndi ana kwake, anamupatsa chikolopa kuti akolope yekha anzake akuimba nyimbo yomuseka. Poweruka anabisala kuseri kwa zimbudzi mpaka onse atapita. Agogo atamutambasula manja tinaona zikhatho zili zotupa, mizere ya rula ikuoneka, ndipo mawondo anali atasupuka. Pamwamba pa zonsezo panali mbama zanga ziwiri. Usiku umenewo nsima inagona m'mbale.

M'mawa ndinamanga chitenje, osasamba n'komwe bwinobwino, ulendo kusukulu. Bambo ake ankati dikira mtima utsike, ine ndinati mtima utsikira komweko. Anandikhazika pabenchi panja pa ofesi kuyambira 7 koloko mpaka cha m'ma 10, mlembi akungoti ahedi ali pamsonkhano pamene ndikuwamva akuseka m'katimo. Nditatopa ndinangolunjika kukalasi. Ndinalankhula zambiri pakhomo paja, zina sindingazilembe muno. Mukudziwa chimene anandiyankha mphunzitsi ameneyo? Akuti mwana wanu ndi wovuta, samva Chishona, ndipo akanakhala kuti amabwera ku ma extra lesson bwenzi ndikumudziwa bwino. Apo ndiye ndinamvetsa nkhani yonse. Ana amene makolo awo ankapereka madola a extra lesson ankakhala kutsogolo, maina awo pabolodi sankaoneka. Athu a ife ogulitsa tomato ndiwo anali olongolola. Mpaka lero ndikakumana naye pa mashopu ndimawoloka msewu, chifukwa pakamwa panga sindipakhulupirira. Ndikudziwa kuti malipiro a aphunzitsi ndi ochepa, ndikudziwa kuti ana 50 m'chipinda chotentha angakupengetse, koma njala yako usaiphere pa mwana wa mnzako.

Ahedi atamva phokoso anatuluka msangamsanga, msonkhano uja unathera pomwepo. Anandilowetsa mu ofesi, kundipatsa mpando, kundiuza kuti tizikambirana ngati makolo. Poyamba ankafuna kuipeputsa nkhani, akuti ana amakokomeza, ndiponso tonsefe tinakula ndi chikwapu. Mwamwayi mlamu wanga, amene anakhalapo mu SDC, komiti ya makolo yoona za chitukuko cha sukulu, pasukulu ina ku Dzivarasekwa, anali atandiuza pafoni usiku kuti lamulo la maphunziro linasinthidwa mu 2020 ndipo kumenya mwana kusukulu n'koletsedwa. Anandikumbutsanso za mayi wina wa muno mu Harare amene anapita ku High Court mwana wake wamng'ono atakwapulidwa ndi paipi kusukulu, ndipo mu 2017 khoti linagamula kuti kukwapula ana n'kosemphana ndi malamulo aakulu a dziko. Nditangotchula zimenezo, n'kuwonjeza kuti zithunzi za manja ndajambula ndipo ofesi ya District Schools Inspector, mkulu woyendera sukulu za m'dera, ndikuidziwa, nkhope ya ahedi inasintha. Pa zoti mwana samva Chishona ndinawauza kuti akatsegule Constitution ya 2013, buku la malamulo aakulu a dziko lija, zilankhulo 16 zovomerezeka zalembedwamo, ndipo choyamba pamndandandawo ndi Chewa. Sindikudziwa kuti mphamvu ndinazitenga kuti tsiku limenelo, ine munthu woopa maofesi.

Anamusamutsira kalasi lina sabata yomweyo. Mphunzitsi uja sanapepese, ndipo sanamuchite kanthu, anapitiriza ndi ana ena. Koma kumene anapitako kunali mphunzitsi wina, mayi wachikulire, ana ochuluka chimodzimodzi, chipinda chotentha chimodzimodzi, rula ankangoigwiritsa ntchito yojambulira mizere. Phokoso likakwera ankaomba m'manja katatu, ana n'kuyankha kuomba katatu, kalasi lili chete. Wovuta ankamusuntha kumukhazika pafupi ndi tebulo lake, kapena kumutsalitsa pa break kuti alankhule naye awiri. Wanga anamupatsa ntchito yogawa mabuku m'mawa uliwonse, ndipo tsiku lina anamuimiritsa kuti aphunzitse anzake kuwerenga manambala m'Chichewa. Anabwera kunyumba akuthamanga, "Amama, onse amati chimodzi, ziwiri, zitatu!" Kukodza pogona kunatenga pafupifupi teremu yonse kuti kuthe, koma m'mimba muja munasiya kupweteka sabata yachiwiri.

Ndiye inu achemwali, musachite ngati ine. Musapite kusukulu mutakwiya, mungalankhule zoti mawa muchite nazo manyazi, ndipo mwana wanu ndi amene amatsala m'manja mwawo inu mutabwerera kunyumba. Ngakhale kunena zoona, ndikanapitiriza kukhala pabenchi paja mwaulemu sindikudziwa ngati ahedi akanatuluka. Yambani ndi mwanayo. Musamufunse mutaimirira, musamufunse m'mawa pamene mukumukakamiza kuvala. Mufunseni madzulo mukumusambitsa kapena mukusenda limodzi mbatata, ndipo musafunse kuti "aphunzitsi akukumenya?" chifukwa adzakana, amaopa. Funsani kuti amakhala ndi ndani pa desiki, monita ndi ndani, amene walembedwa pabolodi amamutani, nanga wofuna kuchimbudzi amatani. Ngati kwa inu sakumasuka, mutumeni kwa agogo kapena azakhali. Muyang'aneni m'manja, kumbuyo kwa miyendo ndi m'mawondo. Mukaona chilichonse jambulani, lembani tsiku m'kabuku. Funsaninso makolo awiri atatu a m'kalasi lomwelo, chifukwa ukapita wekha amati mwana wako ndiye vuto, mukapita atatu amakupatsani mipando.

Kenako yambirani kwa mphunzitsi mwiniwake, mwaulemu, mwina nkhani ndi ana anzake osati iyeyo, mwinanso wanuyo ndiye amasowetsa anzake mtendere, zimachitika. Wanganso sanali mngelo, kubweza mawu ankabweza ndithu, ndipo tsiku lina anamuluma mnzake pamkono, ndinakapepesa ndekha kwa makolo ake. Zikakanika pitani kwa ahedi, kalata m'manja, ina musunge. Pamwamba pa ahedi pali SDC ndi ofesi ya district. Koma mukapeza mabala enieni musataye nthawi ndi makalata, pitani naye kukiliniki alembe, ndipo Childline, bungwe lothandiza ana ozunzidwa, ilipo pa 116, kuimba kwake n'kwaulere, kupolisi kulinso Victim Friendly Unit, nthambi yoona nkhani za nkhanza. Za extra lesson ndinalumbira kuti sindidzalipira ngakhale senti, koma musandifunse zimene ndinachita atafika Grade 7 mayeso a ZIMSEC atayandikira, ndinalipira ndili chete.

Ndipo inu abambo amene mwalemba kuti ana a masiku ano awonongeka chifukwa chosowa chikwapu, ine kamtengo ka pichesi kuseri kwa nyumba ndinkathyolako ndithu, sindinama, ndipo nthawi zina dzanja limandiyabwabe. Koma kuyambira tsiku la kabudula lija ndimayamba ndafunsa. Achemwali, mawa musamukakamize kaye, muuzeni kuti mupita naye limodzi mpaka pakhomo la kalasi, muone nkhope yake mukamayandikira geti. Mukafuna woperekeza ndilembereni ku inbox, Lachinayi sindipita kumsika. Ndiwo zanga zapserera uku.