Dimba la pa silabu: kudzala ndi kuthirira ndiwo pamwamba pa nyumba

Mayi wina wa ku Area 25 ku Lilongwe wandilembera imelo. Akuti nyumba yawo anathira silabu pamwamba poganiza zodzasanja ina mtsogolo, koma ndalama sizinapezeke, ndiye silabuyo yangokhala. Pabwalo ponse ndi simenti. Akufunsa kuti: "Kodi ndingalime ndiwo zamasamba pamwambapo? Ndidzale chiyani, nanga ndizithirira bwanji poti madzi apampopi ndi odula, komanso amangosiyasiya?"

Mayi, n'zotheka ndithu, ndipo zandisangalatsa kuti mwaganiza zimenezi. Koma musanakwere ndi thumba la dothi ngakhale limodzi, kambiranani kaye ndi mmisiri amene anathira silabuyo, kapena injiniya ngati alipo. Dothi lonyowa limalemera kwambiri. Mukaliyala lokhuthala masentimita 20 pamalo a mita imodzi mulitali ndi mita imodzi mulifupi, likamwa madzi limapitirira makilogalamu 300. Dramu ya malita 200 ikadzaza ndi makilogalamu 200, onse atapondereza pamalo amodzi. N'chifukwa chake zolemera zonse ziziikidwa pamwamba pa khoma kapena pa nsanamira, osati pakatikati pa chipinda. Ndiponso musathire dothi pa simenti penipeni. Chinyezi chikakhazikika chimalowa m'ming'alu, zitsulo zam'kati n'kuyamba dzimbiri, kenako mudzangoona mawanga kudenga kuchipinda chogona. Dzalani m'matumba, m'mabeseni otha ntchito kapena m'zigubu za malita 20 zodula pakati. Boolani pansi, n'kuzikhazika pa njerwa kuti madzi aziyenda kupita ku paipi yotayira. Ngati m'mbali mulibe kampanda, mangani kaye, makamaka ngati pakhomo pali ana.

Dothi la katondo lokhalokha silithandiza m'chigubu, limaumbika n'kulimba gwa. Sakanizani dothi lakuda, manyowa owolerana bwino ndi mankhusu a mpunga, chilichonse muyeso wofanana. Mankhusuwo amapeputsa dothi ndipo mizu imapuma. Zitosi za nkhuku zaziwisi ayi, zimawotcha mbewu.

Zodzala yambani ndi zomwe mizu yake sipita patali: mpiru, repu, chayinizi, anyezi wamasamba. Bonongwe ndiye ndimamukonda kwambiri pamalo otere chifukwa dzuwa salitenga kanthu, ndipo mukatsina nsonga amaphukanso. Kholowa nayenso amachita bwino, amayanga n'kuphimba chigubu chonse. Tomato ndi therere zimafuna chotengera chakuya masentimita 30 kapena kuposa, ndi kamtengo kogwiriziza. Chimanga ndi maungu zisiyeni kumunda.

Tsopano nkhani ya madzi, imene ndi yaikulu pa zonse. Pamwamba pa nyumba mbewu zimauma msanga kuposa pansi. Mphepo imaomba mbali zonse, ndipo mu Okutobala silabu imatentha ngati chiwaya, moti mizu imapsa kuchokera pansi ngakhale masamba akuoneka obiriwira. Njerwa zija zimathandizanso pamenepa. Nthawi yotentha imeneyi yembekezerani kuti malo odzalidwa a mita imodzi mulitali ndi mulifupi azimwa malita asanu kapena kuposerapo patsiku. Mu Juni ndi Julaye zimamwa pang'ono, koma mphepo ya mwera imaumitsabe dothi, choncho tchingani mbali imene imachokera ndi mphasa kapena nsungwi zomanga bwinobwino kuti zisauluke.

Thirirani m'mamawa dzuwa lisanakwere, pa tsinde, pang'onopang'ono mpaka madzi atayamba kudontha pansi pa chigubu. Kuwaza pamasamba n'kutaya madzi, ndipo tomato amadwala nako. Musathirire mwachizolowezi chabe. Pisani chala m'dothi mpaka pa mfundo yachiwiri: chikatuluka ndi dothi lomata, dikirani, chikatuluka chouma, tengani kheni. Masana masamba a repu akhoza kulefuka ndi dzuwa pomwe dothi lili lonyowa, madzulo n'kudzukanso okha. Anthu ambiri akaona choncho amawonjezera madzi, mizu n'kuwola.

Phimbirani dothi ndi udzu wouma kapena makoko a mtedza, mokhuthala ngati zala zitatu. Palibe china chimene chingakupulumutsireni madzi kuposa chimenechi. Njira inanso yabwino ndi kukwirira kamtsuko kadothi pakati pa beseni, kukamwa kokha kuli kunja. Mumadzaza madzi n'kuvundikira, madziwo amatuluka okha pang'onopang'ono kudzera m'dothi la mtsukowo, mizu n'kumauzungulira. Botolo lapulasitiki loboola timabowo ndi singano limagwiranso ntchito yofananako.

Poti mpopi umasiyasiya, sungani madzi. Otsukira mpunga ndi masamba musataye, kathirireni. Ochapira zovala ndi sopo waufa kapena bulitchi asapite ku ndiwo, amawononga dothi. Mvula ikayamba mu Novembala kapena Disembala kololani yake: milimita imodzi ya mvula ikagwa pa denga la mita imodzi mulitali ndi mulifupi imapereka lita imodzi, choncho silabu yanuyo ikhoza kudzaza dramu ndi mvula imodzi yabwino. Dramuyo ikhale pansi panyumba pamene paipi ikuthera, ndipo izikhala yovundikira nthawi zonse kuti udzudzu usaswane.

Yambani ndi zigubu zochepa zimene mungathe kuzithirira ndi ndowa ziwiri patsiku, chifukwa madziwo mudzikwera nawo pa masitepe ndinu. Zikapirira Okutobala, wonjezerani zina. Mundilemberenso mbewu zikamera, mundiuze mbali imene mphepo ikukuvutitsani, tidzaone pomangira mthunzi.